Inki Yofiira ya a Fikri

Shubra, Cairo
9 Januwale 1978

Amuna anga a Fikri,

Landirani moni wodzaza ngati basi ya m'mawa. Ife kuno tili bwino, kaya inu ku Kuwait komweko. Amayi anu akupereka moni. Maondo ndi omwe aja, kukazizira amatukwana masitepe. Achemwali anu a Bahiga akuti nsalu ija yafika koma mtundu wake ndi wa nkhalamba, muwatumizire ina yowala. Simbi yamagetsi nayo yafika. Zikomo, ngakhale malaya oti ndisite mulibe m'nyumba muno, onse munapita nawo.

Dzulo ndinadutsa ku Faggala. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Haji Mitwalli ija, momwe ine ndi inu tinakalambira patebulo limodzi, tsopano akugulitsamo mabafa ndi mipope. Ndinasuzumira. Pakona pathu paja aikapo sinki yobiriwira. Ndinaima pakhomo ngati wopempha, ndikuona m'maganizo mmene tinkakhalira: ine ndi zolemba pamanja za mwini buku, ndikuwerenga mokweza, inu ndi mapepala oyesera ochokera kwa osanja zilembo, cholembera chofiira chikuyenda pansi pa mzere kusaka zolakwika. Ndikagogoda patebulo kamodzi, ndiye mpatuliro. Kawiri, mpumiro. Mukati "ima" ndinkaima, inu n'kukonza m'mphepete mwa tsamba, kenako n'kundigwedezera mutu. Tsiku lonse liwu limodzi lokhalo, koma ndinkabwerera kunyumba ngati munthu amene wacheza mpaka kukhuta. Mwini sitolo anandifunsa ngati ndikufuna mpope. Ndinati ayi, ndasochera.

Kalata yanga ya mwezi watha yandibwerera mu envulopu yanu, yofiira ngati aphererapo nkhuku. Ulendo woyamba uja ndinaseka mpaka amayi anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Iyi kaya ndi yachingati, ndipo kuseka kwayamba kuchepa. Ine sindine buku, bambo.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mgwirizano wanu wa ntchito ukutha mu Juni. Pochoka munagwira mutu wa amayi anu n'kulumbira kuti zaka ziwiri zokha. Ndiuzeni, mukubwera kapena musainanso.

Ndine mkazi wanu,
Awatif

Kuwait
2 Febuluwale 1978

Awatif wanga,

Mtendere ukhale nawe pamodzi ndi onse a m'nyumba. Ine ndili bwino, Mulungu ayamikike. Undipsompsonere dzanja la amayi. Achemwali uwauze kuti nsalu ndapeza, yowala moti magalimoto aziima okha pamsewu.

Ntchito ikuyenda, koma motsimphina. Amene amandiwerengera kuno ndi munthu wa ku Sudan, dzina lake Tijani, wamtima wabwino kwabasi, koma amawerenga ngati akumuthamangitsa agalu. Sagogoda patebulo. Zizindikiro zonse amazitchula pakamwa, "mpatuliro, mpumiro, tsegula mitengero, tseka mitengero," mpaka ndimaiwala zimene chiganizo chikunena. Ndikati "ima" amakhala atalowa kale ndime ina. Sabata yatha mzere wathunthu unagwa m'buku la ana asukulu, tonse awiri osauona, mpaka mapepala anafika kumakina. Ku Faggala sunagwepo mzere m'manja mwanga. Akuluakulu sanakalipe, anangondiyang'ana, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa.

M'chipinda chathu timagona a kwathu okhaokha. Wina wa ku Mansoura anayesa kutiphikira thelele la molokhiya. Tinadya mwaulemu.

Kalata yako ndaiwerenga bwinobwino ndipo ndakubwezera monga mwa masiku onse. Wayamba kulemba mothamanga. Pena wabwereza mawu, ndipo ndime ya ku Faggala ija ndi yaitali, inafunika kuigawa. Sindinaigawe, ndangoika chizindikiro m'mphepete. Za sinki yobiriwira zandikhudza.

Za Juni, akuluakulu akufuna ndisainire zaka zina zitatu. Ukudziwa kuti kwathuko nyumba zambiri zosindikizira zasiya kulemba anthu awiriawiri. Akuti munthu mmodzi aziwerenga yekha chamumtima, ngati wakuba. Ndikabwera ndidzakhala pati? Tione kaye mmene Mulungu atsegulire.

Mwamuna wako,
Fikri

Shubra
20 Febuluwale 1978

A Fikri,

Tili moyo.

Funso langa ndaliona. Mwaliikira mfunsiro wokongola kwambiri, wofiira, wopindika bwino. Yankho lake ndalifunafuna m'mphepete, kuseri kwa pepala, envulopu mpaka ndinaikutumula, osalipeza. "Tione kaye" si yankho. Amatero telala ukamufunsa kuti diresi litha liti.

Ndinakulemberani kuti ndinaima pakhomo ngati wopempha, inu n'kundiuza kuti ndime yatalika. Mwamuna wa Sanaa, mnzathu wa nyumba yapansiyu, ndi wokonza mipope ku Kuwait komweko. Kulemba sadziwa bwino, kalata yake imakhala timizere tokhotakhota, koma pakati pake amanena kuti wamusowa mkazi wake. Sanaa amakwera masitepe kudzandipatsa kuti ndimuwerengere, ndipo ine ndimamuwerengera mokweza, momveka bwino. Nanga si ntchito yanga imeneyo?

Nkhani ina. A Ustazi Wadi a ku nyumba yosindikizira ya ku Abdin, kumene akadagwirabe ntchito mwakale, owawerengera awo amwalira. Anditumira uthenga ndipo ndavomera. Ndiyamba Loweruka. Sindikupempha chilolezo, poti chingabwere mochedwa ndiponso chitakonzedwa.

Sindilembanso mpaka mutandiyankha. Iyi mukafuna ikonzeni, koma musaibweze. Ndatopa n'kulandira mawu anga omwe kuchokera kunja.

Awatif

Shubra
28 Malichi 1978

Iwe Fikri,

Ndine mlongo wako wamkulu Bahiga, ngati ukundikumbukabe. Moni. Nsalu yafika, tsopano yawala mopitirira, ndikaivala anthu adzandiyesa mkwatibwi. Koma ndaisoketsa. Amayi ali bwino, akuti mankhwala opaka m'maondo aja utumizenso.

Ndalemba chifukwa cha mkazi wako. Makalata ako afika, onse okamba za fumbi ndi kutentha, ndipo iye wawaika pansi pa wailesi kuti isamagwedezeke. Ndinakunyamula paphewa uli wamamina, ndiye ndikuuza mosapsatira: ndiwe bulu wophunzira. Mkazi akulembera za pansi pa mtima, iwe n'kumamuchongera ngati mphunzitsi wa pulayimale? Atate athu, Mulungu awachitire chifundo, sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, koma amayi akakwiya ankabwera madzulo ndi keke ya basbusa yotentha papepala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye tamvera. Mkazi wako wasanduka duwa. Amadzuka m'mawa, kudzola, ulendo ku Abdin. Masaya adzaza, akuimba potsuka mbale. A Ustazi Wadi akuti amamuwiritsira okha tiyi wa zitsamba wa yansuni kuti kukhosi kusaume, ndipo akuuza aliyense kuti chibadwire sanamvepo munthu wowerenga mokoma chonchi. Dzina lako m'nyumba muno timalitchula ndi ine ndi amayi basi. Khala komweko ndi mchenga wako ndi cholembera chako, kuno anthu akukhala bwino popanda iwe. Tsiku udzabwerelo ndi mphaka yemwe adzakufunsa kuti mukufuna ndani.

Ndanena. Wamakutu wamva.

Bahiga

Kuwait
24 Epulo 1978

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Mankhwala ndatumiza. Kalata yanu ndinaiwerenga kamodzi kokha, ndipo sindinakonzepo kanthu.

Ndasaina zaka zitatu zija.

Poyamba magazi anandiwira. Mwamuna wina kumamva mawu a Awatif tsiku lonse, n'kumamuwiritsiranso tiyi! Ndinavala jekete mpaka kukafika ku ofesi ya ndege. Ndili pamzere ndinakumbukira mawu anu akuti masaya adzaza, akuimba. Zaka ziwiri zonsezi m'makalata ake simunamvekepo nyimbo. Wapeza tebulo, wapeza munthu womumvetsera. Ine ndikabwera ndidzamuchotsapo, chifukwa ndikudzidziwa sindingapirire, chonsecho tebulo lina lomupatsa ndilibe. Tidzangokhala m'nyumba kuyang'anana, iye chete, ine chete, mpaka adzayambe kudana nane. Ndiye ndinachoka pamzere.

Mwanditcha bulu, mwina n'zoona. Koma za inki yofiira ndikuuzeni, poti kwa inu manyazi anatha kale. Maso anga anazolowera moipa. Chinthu ndikachiwerenga popanda cholembera m'manja chimatha msanga. Kalata ya Awatif ndimaidikira mwezi, n'kutha tiyi asanazizire. Koma ndikatenga cholembera ndimayenda chilembo ndi chilembo. Ndimamva pamene wapumira, pamene wathamanga, pamene anasiya kulemba n'kuyang'ana pazenera. Kalata imodzi imanditengera Lachisanu lonse, tsiku langa lopuma. Akabwereza mawu ndimakondwa, chifukwa ndi mmene amayankhulira akatengeka. Kubwezako ndi mmene tinaphunzirira ntchito: pepala ukalikonza si lako, limabwerera kwa mwini wake. Sindinaganizepo kawiri. Tsopano ndatsegula kabati ndapeza kuti pa makalata onse a mkazi wanga ndatsala ndi imodzi, yaukali ija anati ndisabweze. Imeneyo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo.

Ndamusowa, achemwali. Ndamusowa moti Tijani akamawerenga ndimapezeka ndikugogoda ndekha patebulo, iye n'kumandiyang'ana ngati ndadwala. Izi musamuuze, zingamuchotsere mtendere umene waupeza.

Mlongo wanu,
Fikri

Shubra
3 Epulo 1978
(Inafika ku Kuwait pa 11 Meyi)

Amuna anga,

Ndinalumbira kuti sindilemba. Ndaswa lumbiro, Mulungu andikhululukire. Tili bwino. Kalatayi ndapatsira mwamuna wa Sanaa, amene anabwera kutchuthi ndipo akubwerera sabata ino, kuti ifike msanga kuposa ya positi. Akupatsaninso botolo la mandimu oviika mumchere.

Werengani mofatsa, cholembera muike pansi. A Ustazi Wadi maso awathera. Kumapeto kwa Juni akupita kukakhala kwa mwana wawo ku Alexandria. Izi ndinazidziwa tsiku lomwe ananditumira uthenga, ndipo n'chifukwa chake ndinavomera, kuti ndikagwirire mpando uli pafupi ndi wawo. Mwini nyumbayo, a Haji Sirag, ndi nkhalamba yamakani. Akuti iwo ali moyo palibe buku lidzatuluke pakhomo pawo litawerengedwa ndi munthu mmodzi. Ndakhala ndikuwanyengerera, ndipo lero avomera. Mpando wa a Wadi ndi wanu ngati mufika Juni asanathe. Sindinakuuzeni kale chifukwa nkhani inali isanapse, komanso ndinali nditakwiya, ndipo ndikadali wokwiya pang'ono.

A Wadi ndi munthu wabwino, koma amawodzera ndikuwerenga. Ndikagogoda patebulo amadzidzimuka n'kuti, "Lowani!" Ndasiya kugogoda. Madzulo ndimabwera mawu atasasa, chakudya sichilowa, masiketi andikulira. Achemwali akuti akulemberani kalata yoti ikulumeni mubwere chothamanga. Sanandionetse. Mukuwadziwa, zimene alembazo muchotsepo theka, lotsalalo mutaye.

Musasaine. Kuno tebulo lilipo, lili pafupi ndi zenera, ndipo mwendo wake umodzi ndi waufupi ngati lathu lija. Bwerani. Ndakusowani, ndakusowani. Ndabwereza dala, musachotsepo.

Mkazi wanu,
Awatif

Kuwait
11 Meyi 1978

Awatif,

Kalata yako yafika lero. Mwamuna wa Sanaa anayamba wapita kumudzi kwawo ku Sohag kumaliro a amalume ake, kumeneko n'kubuka nkhani ya munda, kalata ili m'thumba la jekete. Wandipatsa akumwetulira, pamodzi ndi mandimu. Ndamuthokoza. Nanga ndikanatani?

Ndinasaina kale, Awatif. Ndinawauza achemwali, kaya akuuza.

Masana ano ndapita kwa akuluakulu. Andilandira bwino, andithirira khofi, andionetsa siginecha yanga. Pasipoti yanga ili m'kabati mwawo. Akuti tchuthi cha mwezi umodzi chaka chamawa, ndipo akuti ndine munthu wodalirika. Ukudziwa wekha kuti tikalemba pakona kuti "lisindikizidwe" n'kusaina, makina sabwerera m'mbuyo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza eni mabuku kuti asasaine pepala limene sanaliwerenge ndi munthu wachiwiri. Ine langa ndinasaina ndekha, chamumtima. Madzi akatayika saoleka.

Funso lako la mu Januwale ndikuliyankha tsopano, pamene yankho lilibenso ntchito. Ndinkafuna kubwera. Palibe tsiku limene sindinafune. Ndinkaopa kufika manja lendee, n'kukhala mwamuna wongodzaza mpando m'nyumba, ndipo ndinachita manyazi kukuuza zimenezo. Mbewa yamanyazi inafera kudzenje.

Uwathokoze a Haji Sirag, uwauze asausunge mpandowo. Iweyo usasiye kuwerenga, kaya adzakhalapo ndani. Mandimu ndalawa limodzi, akoma ngati a kale, ndipo sindinathe kudya lachiwiri. Undilembere, ngakhale zonditukwana.

Fikri

Shubra
6 Julayi 1978

Amuna anga,

Moni wa ine, wa amayi, ndi wa achemwali amene akuopa kukulemberani. Tili bwino.

Kalata ija munati asandiuze, achemwali anabwera nayo okha. Anaiponya patebulo n'kukhala pansi, akudzimenya masaya, akuti, "Ine ndimati ndikankhe bulu apite kutsogolo, iye wakhala pansi!" Amayi anawakalipira mpaka anthu a nyumba yam'mwamba anatsika kudzaona. Sindikuimba mlandu munthu. Inu munakhala chete, ine ndinakhala chete, amene anayankhula ananena za m'maluwa. Nditalandira yanu ya mu Meyi ndinakwiya ndithu, mbale zina zinasweka, koma zatha. Zaka zitatu n'zambiri, a Fikri. Ndikaziganiza zonse pamodzi zimandilemera, ndiye ndaleka kuziganiza pamodzi.

Mpando wapita kwa mphwawo wa a Haji Sirag, bambo wandevu wosaseka. Ndimamuwerengera, amakonza, timaweruka. Ndi ntchito basi.

Makalata onse munandibwezera ndinawatulutsa m'bokosi. Ndimafuna ndikutumizireni kuti kabati yanu isakhale yopanda kanthu, koma nditawayala pabedi ndinasintha maganizo. Dzanja lanu ndi langa zili patsamba limodzi, lanu m'mphepete, langa pakati. Pakadali pano ndi malo okhawo amene tikukhala moyandikana. Sindikubwezerani.

M'malo mwake m'phukusili mupezamo kaseti. Ndatumiza pa positi, mwamuna wa Sanaa ndamupumitsa. Ndinabwereka wailesi yojambulira ya Sanaa, ndinakhala kukhitchini, n'kuwerenga mutu woyamba wa buku la mbiri ya mizinda limene tikukonza ku Abdin. Mapepala ake oyesera ndaikamo, osakonza, zolakwika zonse za osanja zilembo zili momwemo, ndipo n'zambiri, musangalala. Lachisanu mukhale pansi ndi cholembera chanu. Mudzamva amayi akutsokomola, ndi wogulitsa gasi akumenya chitsulo mumsewu. Musadabwe ndikamawerenga pang'onopang'ono, ndimakupatsani mpata. Bukuli ndi lalikulu, litiperekeza mtunda wautali. Mapepalawo mukafuna bwezani, koma kaseti ndi yanu.

Chakumapeto kwa mbali yachiwiri mawu anandithawa pakati pa chiganizo. Ndinakhala nthawi yaitali osatulutsa kanthu, tepi ikungozungulira. Sanaa anati tibweze tifufute, munthu angayese wailesi yafa. Ndinakana. Mukafika pamenepo musakonze kanthu, ndiponso musazimitse. Mungodikira, ndimapitiriza.

Mkazi wanu,
Awatif